Ndinkayang'ana Wotchi, Wodwala Ali Pansi pa Mtengo

Nambala ya kugunda kwa mtima inali 201. Inawala pa kagalasi ka wotchi yakuda imene inali pamkono pa mwana wanga Chisomo, Loweruka lina la mwezi wa Okutobala, pabwalo lafumbi limene ana a kwathu kuno ku Mufakose, mumzinda wa Harare, amamenyerapo mpira. Anabwera kumzere kudzamwa madzi, ine n'kumugwira mkono kuti ndione. Atabwerera m'bwalo ndinamutsatira masewera ali mkati, ndinamugwira dzanja ndi kumutulutsa. Kochi anaimba wezulo, anzake anaima kukamwa yasa, mwana anayamba kulira.

Papita chaka tsopano. Ya 201 ija ndinaimvetsa ndipo siindivutanso. Imene imandidzutsa usiku ndi ina, 128, imene sinaoneke pa wotchi iliyonse.

Wotchi ya ku Johannesburg

Anabweretsa wotchiyo ndi alamu anga amene amagwira ntchito ku Johannesburg. Ndi zija zowerenga mapazi amene munthu waponda ndi kugunda kwa mtima. Chisomo ankagona nayo, kusamba kokha n'kumene ankaivula.

Ine nkhani ya mtima ndi mpira ndimaiopa kuyambira kale. Ndinali mnyamata mu 2003 pamene Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon anagwa pakati pa bwalo ku Lyon, popanda womukhudza, ali ndi zaka 28 zokha. Tinkaonera pa TV ya aneba ku Highfield, tinangoti wakomoka adzuka. Sanadzuke. Mu 2021 Christian Eriksen anagwanso chimodzimodzi ku Copenhagen, mwayi wake madokotala anamutsitsimula pomwepo. Ndiye mwana wanga atayamba kubwera kunyumba n'kumanyadira kuti lero mtima wafika 190, ine m'mimba munkatentha.

Ndinafufuza pafoni. Paliponse ankanena zofanana: tenga 220, chotsapo zaka za munthu, yotsalayo ndiye malire a kugunda kwa mtima wake pa mphindi imodzi. Chisomo anali ndi zaka 10, ndiye kuti 210. Ankatinso pochita masewera olimbitsa thupi mtima uzigunda pakati pa 50 ndi 85 peresenti ya malirewo. Ndinawerengera pa pepala lodulira malaya kushopu kwanga, zinandipatsa 105 mpaka 178. Ndinalemba 178 pa kalendala ya kutchalitchi imene ili pakhoma pabalaza, ndipo ndinamuuza mwana kuti ikadutsa pamenepo aziima.

Mwana wa zaka 10 ali kuthamangitsa mpira sayang'ana pamkono. Ndiye ndinayamba kupita nawo kubwalo kuti ndizikayang'ana ineyo.

Loweruka lija

Amene mumakhala mu Harare mukuudziwa Okutobala. Mvula isanagwe, dzuwa likuswa mtengo, fumbi lofiira likukwera ndi kamvuluvulu. Masewera anayamba mochedwa, cha m'ma 11.

Nditamutulutsa Chisomo ndinamukhazika pa tayala lokwiriridwa m'mphepete mwa bwalo. Manja anga ankanjenjemera kuposa ake. Pamenepo anabwera Anaphiri, mayi wachikulire amene timapemphera nawo ku CCAP. Anagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri asanapume, ndipo Loweruka amaperekeza adzukulu awo kubwaloko atanyamula kachikwama ka mafiriziti.

"Bambo a Chisomo, kwagwanji?"

Ndinawaonetsa wotchi. Inali itatsika kale kufika 176. Ndinawauza za 201, za 178, za masamu anga onse. Anamvetsera osandidula. Kenako anawerama n'kumufunsa mwana:

"Iwe, chigoli chija wachinya ndani?"

Chisomo anapukuta misozi n'kuyamba kulongosola, Chichewa kusakaniza Chishona monga amachitira akakwiya. Akuti iye ndiye anapereka mpira kwa wochinyayo, akuti akanachinya chachiwiri adadi akanapanda kumuchititsa manyazi pamaso pa anzake. Analankhula mpaka kumaliza, osapumira pakati pa mawu.

"Mwamumva?" anatero Anaphiri. "Mwana wodandaula chonchi mpweya ali nawo. Pachifuwa pakupweteka, mwanawe? Chizungulire? Ayi? Tadikirani pang'ono tione."

Tinadikira. Wotchi inati 150, kenako 132, patapita mphindi zingapo 118. Anaphiri sanaikhulupirire kwenikweni wotchiyo. Anagwira mkono wina wa mwana ndi zala ziwiri, n'kuwerenga okha poyang'ana kawotchi kawo kakale kamivi.

"Mtima wabwino umatere. Umakwera msanga, umatsikanso msanga. Mpatseni madzi abwerere."

Chisomo anathamanga osacheuka. Ine ndinatsala nditaima, manyazi ndi mpumulo zitasakanikirana. Ndimati ndiwathokoze ndizipita pamthunzi, koma ndinaona kuti maso awo sali pa ine. Ankayang'ana kutsidya, kumene atsikana ankasewera ntchemberembaye.

"Nanga uyo wakhala pansi pa mtengoyo ndi wa ndani? Chifikireni ine sanadzuke."

Tiyamike

Anali mwana wa mchemwali wanga. Mayi ake amagwira ntchito ya m'nyumba ku Borrowdale, amagona konko, amabwera Lamlungu lokha. Tiyamike amakhala ndi ife chiyambire ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Pa nthawiyo anali ndi zaka 11.

Agogo athu anachoka ku Dedza kudzagwira ntchito mumzinda uno ukadali Salisbury, ndipo zambiri za kumudzi tinazitaya panjira. Koma ichi chokha anatisiyira: mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako, iwe malume ndiwe mwini wake. Akadwala, woyamba kufunsidwa ndi iwe.

M'miyezi iwiri Loweruka lija lisanafike ndinali nditamutchula Tiyamike waulesi kangapo konse. Madzi a m'mipopi kwathu amabwera mwa apo ndi apo, ndiye ana amakatunga kumjigo. Kale ankasenza chigubu mpaka kunyumba osatula. Tsopano ankatula katatu panjira. Ndinkamuuza kuti wayamba matama chifukwa akukula. Ku ntchemberembaye ankasewera pang'ono n'kupempha kutuluka, ine n'kumati mwana ameneyu alibe khama.

Tinapita pamtengo paja. Anaphiri anakhala pansi pafumbi pambali pake, chitenje chawo osachisamala.

"Wakhala nthawi yaitali bwanji pano, mama?"

"Chiyambire hafu yoyamba, agogo."

Zinali zitadutsa mphindi makumi awiri. Anatembenuza dzanja la mwana, chikhatho kuyang'ana kumwamba, n'kuika zala ziwiri pamkono m'munsi mwa chala chachikulu. Anandiuza kuti ndiyang'ane foni ndiwauze masekondi 15 akakwana. Milomo yawo inkayenda pang'onopang'ono powerenga. Nditati yakwana, anati, "32." Anachulukitsa kanayi, n'kupeza 128.

Sananene kanthu. Anam'patsa firiziti, anacheza naye za kusukulu, anadikira kanthawi, n'kuwerenganso. Ulendo uno 31. Mwana anali chikhalire pamthunzi, osathamanga, koma mtima wake unkagunda kuposa wa Chisomo amene anali atangotuluka m'bwalo.

Anatsitsa chikope chake cha m'munsi kuti aone magazi, anayang'ana zikhatho, anagwira pamphumi, anatsinatsina akakolo. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Mwanayu anadwalapo pakhosi posachedwapa?"

Ndinakumbukira. Kumayambiriro kwa Ogasiti, kuzizira kusanathe, anadandaula zilonda zapakhosi ndi kutentha thupi. Mayi a Chisomo anamupatsa madzi ofunda a mchere, mandimu ndi Panado. Patapita masiku anayi anachira, tinaiwala.

"Nanga maondo, akakolo, zigongono?"

Apa anayankha ndi Tiyamike mwini wake, motsitsa mawu. Anati bondo lamanzere linatupa sukulu zitatsala pang'ono kutsegulidwa, litaphwa kunayamba kupweteka kakolo wa mwendo wina, kenako mkono. Ine ndinkadziwa za bondo lokha, ndipo ndinamuuza kuti wagwa posewera. Zinazo sanandiuze chifukwa, m'mawu ake, "amalume mukanati ndikuthawa kumjigo."

Anaphiri anadzuka, anasansa fumbi, anandikokera pambali kuti mwana asamve.

"A Banda, musadikire malipiro a kumapeto kwa mwezi. Lolemba m'mawa mwanayu akaonedwe ndi dokotala, akamumvere mtima. Mpaka tsikulo asasenze chigubu, asathamange. Akayamba kubanika usiku, musadikirenso Lolembalo."

Pampu ya mjigo

Kukiliniki anatitumiza kuchipatala chachikulu. Dokotala anamvera pachifuwa nthawi yaitali, kutsogolo ndi kumsana, anamugoneka chammbali n'kumveranso. Anatenga magazi, anatilembera kuti akamuunike mtima ndi makina aja oonetsa mkati, ofanana ndi ounikira amayi oyembekezera. Zotsatira zitabwera anatchula dzina la matendawo, rheumatic heart disease, ndipo ataona kuti sindikumva anandifunsa ngati ndinapopapo mjigo wotha mphira.

Ndinapopapo, ndani wa ku Mufakose sanatero. Umapopa, madzi ena amakwera, ena amabwerera pansi, ndipo kuti ndowa idzaze umapopa kawiri kuposa kale.

Anati mumtima muli timavalavu tinayi totsekula ndi kutseka kuti magazi azipita mbali imodzi. Ka Tiyamike kamodzi ka kumanzere sikankatseka bwino, magazi ena ankabwerera. Ndiye mtima unkapopa mofulumira ngakhale mwana atakhala pansi.

Chiyambi chake n'chimene chinandipweteka kwambiri. Zilonda zina zapakhosi zimayamba ndi kachilombo kotchedwa streptococcus. Zikapanda kuthandizidwa ndi mankhwala oyenera, mwa ana ena chitetezo cha m'thupi chimasokonezeka. Pakatha masabata awiri kapena atatu chimayamba kulimbana ndi thupi lomwelo, molumikizana mafupa ndi mumtima. Ululu umachoka pa bondo kupita pa kakolo monga anafotokozera mwana uja. Mafupawo amachira, koma valavu imatha kutsala ndi chipsera. Amene amagwidwa kwambiri ndi ana a zaka 5 mpaka 15, makamaka kumene anthu amagona mothithikana, ngati m'nyumba zathu zino za mabanja awiri kapena atatu pakhomo limodzi. Mankhwala amene akanatseka njira yonseyi ndi penisilini, wodziwika kalekale.

Pambuyo pake ndinawerenga kuti anthu oposa 40 miliyoni padziko lapansi ali ndi matendawa, ndipo mu 2018 mayiko a m'bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO anagwirizana zolimbana nawo. Ine ndinali ndisanawamvepo. Za Foé ndinkazidziwa, za matenda obwera ndi zilonda zapakhosi m'nyumba mwanga ayi.

Tiyamike anapatsidwa mankhwala, anauzidwa kupuma kwa miyezi ingapo, ndipo anayamba jekeseni wa penisilini kamodzi pa masabata anayi alionse. Adzabayidwa kwa zaka zambiri, mpaka atakula, kuti kachilombo kaja kakabweranso kasawonjezere chilonda.

Nanga 201 ija?

Tsiku lina lopita kukaonedwanso ndinalimba mtima n'kumufunsa dokotala za Chisomo. Zimene anandiuza, ndi zimene ndawerenga chichokereni pamenepo, zandichotsa mantha amene ndinali nawo pa mwana wothamanga.

Masamu a 220 aja anachokera kwa akatswiri a ku America, Fox ndi Haskell, cha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, ndipo anali kuyerekeza chabe poona akuluakulu. Sanapangidwire ana. Ana athanzi akathamanga ndi mphamvu zawo zonse, mtima umafika pafupifupi 200 pa mphindi, wina kutsikirapo, wina kupitirirapo, ndipo sizisintha chaka ndi chaka monga masamuwo amanenera. Za 50 mpaka 85 peresenti zija n'zothandiza munthu wamkulu amene akufuna kudziwa ngati akulimbitsa thupi mokwanira. Ine ndinazitenga ngati mpanda woti mwana akaudumpha agwa.

Mtima wa mwana ndi waung'ono, umatulutsa magazi ochepa pa kugunda kumodzi, ndiye umagunda kambiri. Wamkulu akakhala phee umagunda 60 mpaka 100. Mwana wa kupulayimale amatha kukhala pakati pa 70 ndi 110 osadwala chilichonse. Ndipo ana amabwerera msanga akathamanga kuposa ife. N'chifukwa chake Anaphiri sanafune kumva kuti inakwera kufika pati. Ankafuna kuona mmene ikutsikira.

Wotchi nayonso si yoidalira kwambiri. Imawerenga ndi kuwala kobiriwira kumene kumaunika magazi pansi pa khungu. Pamkono wowonda wa mwana, lamba atakhwepa, thukuta lili chuchuchu, mkono ukugwedezeka, imatha kunama mokweza kapena motsitsa. Zala ziwiri ndi masekondi 15 sizifuna kutchaja, ndipo kuno magetsi timawadziwa mmene alili.

Mwana amadziwa kuima

Khalani m'mphepete mwa bwalo muone mmene ana amasewerera akasiyidwa okha. Amathamanga liwiro la mtondo wadooka kwa masekondi ochepa, amaima, amayenda, amakangana za faulo, amathamanganso. Palibe amene amawauza. Thupi likatopa amatsika okha.

Vuto limabwera ife akuluakulu tikawalanda kuima kumeneko. Ndaona makochi akulanga ana ochedwa powazunguliritsa bwalo kakhumi dzuwa lili paliwombo, wina akaima n'kumuwonjezera. Ndaona aphunzitsi mu temu yoyamba, nthawi ya mipikisano yothamanga, akukakamiza mwana amene wangochira chimfine kuti athamangire gulu lake chifukwa palibe wina. Ndaona makolo akukuwa kumzere kuti mwamuna satopa. Ineyo ndinachita zomwezo ndi chigubu cha madzi. Tiyamike ankatula panjira chifukwa mtima unkamuuza kuti atule, ine n'kumamunyoza kuti asatule.

Sindikunena kuti ana azikhala pansi. A WHO, m'malangizo awo a 2020, amati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 60 patsiku, zoti mtima ugunde ndithu, ndipo masiku atatu pa sabata pazikhala zamphamvu kwambiri ndi zolimbitsa minofu ndi mafupa. Mpira, fulaye, jingo, kuvina, kuyenda wapansi kupita kusukulu, zonsezi zimawerengedwa. Ndikanapitiriza ndi 178 yanga ndikanamulanda Chisomo chinthu chimene thupi lake likufuna.

Muyeso umene ndimagwiritsa ntchito tsopano ndi uja wa Anaphiri, kumulankhulitsa mwana. Akamatha kucheza koma osatha kuimba nyimbo, ndiye kuti akulimbikira mwapakatikati. Akamatulutsa mawu awiri atatu n'kupuma, ali pa mphamvu zambiri, ndipo kwa mwana wathanzi zimenezo n'zabwino kwa kanthawi, bola akaima abwerere msanga. Chimene sindichilekerera ndi mwana wonena kuti pachifuwa pakupweteka akuthamanga, wochita chizungulire, wokomoka ali mkati mothamanga, womva mtima ukudumphadumpha atakhala, kapena amene kale ankatha koma tsopano akutsalira anzake ali wefuwefu. Ameneyo atuluke, ndipo asabwerere asanaonedwe kuchipatala. Chimodzimodzi ngati m'banja munafa munthu mwadzidzidzi akadali wachinyamata osadziwika chomwe chamupha. Kwathu timafulumira kunena kuti anamulodza, nkhani n'kuthera kumanda, pamene matenda ena a mtima amayenda m'magazi a pamtundu.

Mwana wotentha thupi sasewera, ngakhale kuli fainolo. Kutentha kumakweza kale kugunda kwa mtima, ndipo tizilombo tina ta chimfine timatha kutupitsa mnofu wa mtima. Amene wabwera kutchuthi kumudzi atadwala malungo amakhala ndi magazi ochepa kwa kanthawi, ayambe pang'onopang'ono. Ngakhale wathanzi wochokera kunyanja, ku Mangochi kapena ku Nkhotakota, masiku oyamba amatha kuchita befu msanga kuno, poti Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500.

Za madzi ndinakalankhula ndi kochi. Ndinayamba ndi kupepesa chifukwa cholowa m'bwalo lake. Tinagwirizana kuti m'miyezi yotentha ana aziyamba 8 koloko m'mawa, azipuma kumwa madzi pakati pa hafu iliyonse, ndipo makolo tizisinthana kubweretsa chigubu cha madzi owiritsa, poti kolera tinamuona mu 2008 ndi 2018 ndipo sitifuna kuchotsa vuto lina ndi kubweretsa lina. Zolanga ana ndi kuthamanga sanavomere kusiya tsiku lomwelo. Tikukambiranabe.

Lamlungu limene anabwera mchemwali wanga

Ndinamudikira pasiteji ya makombi kuti ndimuuze tisanafike kunyumba. Anamvetsera atanyamula kathumba ka buledi ndi shuga kamene amabweretsera ana. Nditamaliza anafunsa funso limodzi.

"Achimwene, za pakhosi pajazo munandiuza?"

Sindinamuuze. Sabata imeneyo anabwera mwana atachira kale, ndipo tinaona ngati si nkhani. Sanakalipe. Anangoti, "Ndinakusiyirani poti ndinu amalume ake," n'kupitiriza kuyenda. Tinafika kunyumba osalankhulanso. Usiku umenewo anagona ndi mwana wake pamphasa, m'mawa mwake anakwera kombi ya 5 koloko kubwerera kuntchito, chifukwa ndalama za makina ounikira aja zinkayenera kuchokera kwinakwake.

Tsopano mwana aliyense wa pakhomo pano akadandaula pakhosi ndi kutentha thupi, timapita kukiliniki tsiku lomwelo. Madzi a mchere timamupatsabe, koma akabwerako. Amayi a chigwirizano anawapempha Anaphiri kuti afotokoze zimenezi pamsonkhano wawo, ndipo ndinamva kuti anawaphunzitsa onse kuwerenga pamkono.

Chisomo amavalabe wotchi ija, koma amaonerapo nthawi basi. Dokotala anamulola Tiyamike kubwerera ku ntchemberembaye mwezi wa Juni, ndi lamulo loti akatopa atuluke ndipo munthu asamufunse chifukwa. Anamuika pa malo oponya m'golo, pamene sathamanga kwambiri. Sabata yatha nditamuwerenga m'mawa asanadzuke ndinapeza 22 pa masekondi 15.

Jekeseni uja ndi wowawa. Mankhwala ake ndi olimba ngati phala, amalowa pang'onopang'ono, ndipo mwendo umakhala wolemera tsiku lonse. Ndimatseka shopu n'kumuperekeza ndekha. Pobwerera timayenda wapansi, ndipo pakona pamene amayi ena amagulitsa tomato amakonda kuima. Sindimufunsa ngati ndi mwendo kapena mtima. Ndimaima naye, timagula nthochi ziwiri, akati tiyeni amalume timanyamuka. Wotsatira ndi Lachinayi la sabata ya mawa.